Chitini cha Dothi la Kuchikamwini

Kumbali kwa nyumba imene ndinkakhala ku Nsipe, cha kotulukira dzuwa, kunali kamtengo ka maluwa kamene bambo anga ankakatchula kuti dzulo-lero-mawa. Dzina lake lina sindikulidziwa, ndipo sindinakumanepo ndi munthu wolidziwa. Duwa lake likatuluka lero limakhala lofiirira ngati duwa la mbatata ya kachewere, mawa layamba kusuluka, mkuja layera, kenako lathothoka. Choncho mu Seputembala ndi Okutobala kamtengo kamodzi kamavala mitundu itatu nthawi imodzi. Masamba ake sagwa chaka chonse, ngakhale mu Julaye mphepo ya kumapiri ikamaluma. Koma chimene anthu ankakadziwa nacho ndi fungo. Amayi opita kumjigo m'mawa ankayenda pang'onopang'ono akafika pamenepo, ena n'kufunsa ngati m'nyumbamo mwagulidwa sopo watsopano.

Bambo anga anakatenga ku Joni. Anapita kukagwira ntchito mumgodi, koma chifuwa chitayamba kuwavuta anatuluka pansi n'kupeza ntchito yosamala maluwa panyumba ya mzungu wina. Pobwerera kumudzi anzawo ananyamula mawayilesi ndi majekete, iwo anawonjezapo kamtengo m'chitini cha jamu, akukagawira madzi awo akumwa njira yonse. Anakabzala kwathu ku Kasinje. Ine nditapeza banja ku Nsipe, anandikonzera nthambi imodzi ya mizu kuti ndipite nayo kuchikamwini. Kawo kaja kanauma chaka china cha chilala iwo atamwalira kale, moti kanga ndi kamene kanatsala.

Tsiku limene ndinkakabzala apongozi anga aakazi anaima chapatali, monga apongozi amachitira, n'kufunsa kudzera mwa mwana wawo ngati masamba ake ndi ndiwo. Nditati ayi, anafunsa ngati ndi mankhwala a m'mimba. Nditatinso ayi, anati ndiye kuti mkamwini amene wabwerayu ali ndi nthawi yambiri.

Kasamalidwe kake si kovuta, koma kali ndi zokonda zake. Kamafuna dzuwa la m'mawa, la masana kamalikana, n'chifukwa chake ndinakaika poti khoma lizikaphimba dzuwa likapendeka. Manyowa kamafuna a ng'ombe owola bwino, a nkhuku amakawotcha. Phulusa ndiye mdani wake. Chaka china akazi anga anayamba kutaya phulusa la kukhitchini patsinde pake poganiza kuti akukachitira chifundo, monga timachitira ndi nthochi, ndipo masamba onse anasanduka achikasu, mitsempha yokha yobiriwira. Sitinayankhulane bwino masiku awiri. Ndinapala dothi lapamwamba lonse n'kuikapo lakuda la pansi pa mitengo, ndipo kanachira. Kudulira ndi kamodzi pachaka, maluwa akangotha. Ukachedwa n'kudulira mu Meyi, wadula maluwa a chaka chimenecho asanabadwe. Tizipatso take bambo anati ndi poizoni, choncho ndinkatithyola tisanakhwime, poopa ana.

Akazi anga ankakatcha mkazi wanga wachiwiri wosadziwa kusinja. Koma m'chilimwe ndikachoka masiku angapo ndinkapeza patsinde pali ponyowa. Nthawi ya maluwa, Lamulungu m'mawa, ankathyola nthambi ziwiri kapena zitatu n'kuziika m'botolo patebulo la kutsogolo kutchalitchi. Ndikamawerenga Mawu patsogolo, monga ankandipempha nthawi zina mlaliki akasowa, fungo lija linkandifika, ndipo ndinkaganiza za mafuta aja amene mayi wina anatsanulira pamapazi a Ambuye mpaka nyumba yonse kununkhira. Pofika nthawi imeneyo kamtengo kanali katafika pandenga, ngakhale tonse tinkangoti kamtengo.

Akazi anga anamwalira mu Novembala, maluwa omaliza akuthothoka, atagona sabata ziwiri kuchipatala cha ku Boma ndi matenda a shuga amene anakhala nawo zaka zambiri. Tinali titakhala limodzi zaka makumi atatu ndi zinayi. Za masiku amenewo sindilemba. Amene anandipatsa ndi Yemwe anaitana, ndipo ine sindinamufunse chifukwa.

Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndine, njerwa ndinaumba ndi manja anga, koma nthaka ndi ya mbumba ya akazi anga. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi akuchikazi amamusudzula mwamuna, kumene kuli kumumasula kuti abwerere kwawo. Ena amakhalabe ngati pali mwana wamkazi woti awasunge. Ife tinali ndi ana aamuna okhaokha atatu, awiri ali kuchikamwini kwawo, wina kutauni. Ankhoswe anagwirizana kuti ndidzasudzulidwe mu Juni, ndikakolola chimanga cha m'munda umene tinalima ndi malemu. Palibe anandithamangitsa, ndipo mlongo wanga ku Kasinje anali atayamba kale kundikonzera kanyumba.

Malemu anasiya abale awiri pamudzipo: mlongo wawo wamkulu, amene ndi mwini mbumba, ndi mng'ono wawo wamkazi. Onse ndi alamu anga, choncho ndiziti alamu aamuna ndi alamu aakazi. Nyumba yathu anagwirizana kuti idzakhale ya mwana wamkazi wa alamu aakazi, amene anali ndi mwamuna ndi ana awiri m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Tsiku lina ndinaona mwamuna wakeyo akuyeza ndi mapazi kuchokera pakhoma la kum'mawa, akuwerenga chamumtima, n'kuzungulira kamtengo ngati akuzungulira chulu. Nditamufunsa anayankha mwaulemu ndithu kuti akufuna adzawonjezere chipinda mbali imeneyo, poti mbali zina kuli thanthwe ndi khola. Sindinamuone cholakwa. Koma ndinadziwa kuti kamtengo katsala ndi chaka chimodzi, ndipo kuti ndikapanda kuchoka ndi mbewu yake, kathera pomwepo.

Kukazula konse sikukanatheka, mizu yake inali italowa pansi pa maziko. Kudula nthambi n'kuzika, monga timachitira ndi chinangwa, ndinayesapo kambirimbiri pofuna kugawira anthu, ndipo zonse zinkawola. Njira imene imagwira ndi imene bambo anandiphunzitsa, yokwirira nthambi idakali kwa make. Umasankha nthambi yam'munsi, yanthete, yoti ipindike osathyoka. Pakati pake umayoyolapo masamba, n'kucheka pang'ono kunsi kwake ndi lezala, pafupi ndi mfundo. M'chilondamo umalowetsamo kamtengo ka machesi kuti chisatsekeke. Ukatero umagoneka pochekapo m'kadzenje kakuya ngati chala, kukhomerapo kamphanda, kukwirira, n'kutsindira ndi mwala, nsonga yokha ili kunja. Nthambi imapitiriza kudya kwa make, koma pachilonda paja imayamba kutulutsa mizu yakeyake. Zimatenga miyezi inayi kapena isanu. Ndinawerenga pazala kuchokera Januwale kufika Juni, ndipo ndinaona kuti nthawi ilipo, koma yoyesera kamodzi kokha.

Ndinakwirira nthambi zinayi m'mawa wina, ndisanapite kukabandira. Zitatu zinali kumbali ya kubwalo, yachinayi inali kuseri, pakati pa tsinde ndi khoma, poti munthu sangaone asanawerame. Ndinagwira ntchitoyo chogwada, ndipo monga ndimachitira pobzala chilichonse, ndinkapemphera, poti ife timabzala ndi kuthirira koma wokulitsa ndi wina. Sindinauze munthu. Sikuti ndinkabisa. Ndinkangoona ngati ndi nkhani ya ine ndi bambo anga ndi malemu, ndiponso ndinkachita manyazi kuti anthu anene kuti mkuluyu mkazi wamwalira dzana, iye ali kalikiliki ndi maluwa.

Lachinayi lina mu Malichi nditabwera kumapemphero a m'mudzi, ndinapeza miyala itatu ili pabwalo. Nthambi zitatu zija zinali zitazulidwa, zikulendewera m'mwamba, ndipo pomwe ndinakwirira panali maenje okumba ndi khasu, akuya mpaka m'chigongono. Ndinagwira nthambi imodzi n'kuyang'ana pachilonda. Timizu tinali titayamba, toyera, tatifupi ngati njere za mpunga, koma dzuwa linali litatiwamba kale. Nkhuku sizisuntha miyala, ndipo nkhumba sizikumba ndi khasu. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba, uthenga unafika woti alamu aamuna akundifuna.

Ndinawapeza atakhala pakhonde pawo, alamu aakazi ali pamphasa chapambali pamodzi ndi mwana wawo uja. Alamu aamuna ndi munthu wanthabwala, kutchalitchi amabwera pamaliro ndi paukwati basi, ndipo ankanditchula kuti abusa ngakhale sindine m'busa, pondiseka kuti ndimapempherera ngakhale madzi akumwa.

"Abusa, khalani apo," anatero. "Akuti mwayamba kutemera mphini nthaka yathu. Tiuzirenitu, mukachoka tidzadzuka tili anthu kapena abuluzi?"

Alamu aakazi sanaseke. Anafotokoza kuti m'mawa uja mu Januwale ankapita kumjigo ndipo anandiona nditagwada kumbali kwa nyumba, lezala lili m'manja, milomo ikuyenda, ndikukwirira zinthu n'kumatsindira ndi miyala. Anati anasunga mumtima miyezi iwiri poopa kundilakwira. Koma mdzukulu wawo wamng'ono anadwala kawiri chiyambire nthawi imeneyo, ndipo ndi amene adzagone m'chipinda chimene chidzamangidwe pamenepo.

"Munthu woti akuchoka," anatero, "akukwiriranji pakhomo pa eni?"

Ndinafunsa chimene anapeza atakumba. Anamasula kansalu n'kundionetsa timitengo titatu ta machesi, takuda ndi dothi, timene anatulutsa m'zilonda za nthambi zija.

Ndinakwiya kwambiri. Mayi amenewa ndinawapeza ali kamtsikana, ukwati wawo ndinathandiza kuyendetsa ndine, ana awo ndinawaphunzitsa kalasi ya ubatizo. Pakamwa panga panali mawu oti mwana aliyense m'mudzi muno amadwala malungo nthawi ya dzinja, komanso oti zaka makumi atatu ndi zinayi zikanakwana kuti adziwe ngati ndimayenda kwa asing'anga. Koma ndinakumbukira mneneri uja amene anapsa mtima mpaka kufuna kufa chifukwa cha chomera chimene chinamupatsa mthunzi tsiku limodzi, pamene za anthu a mumzinda wonse analibe nazo chifundo. Patsogolo panga panali mayi woopera mdzukulu wake. Ndipo ndikanakhala ine ndikuona munthu wina atagwada ndi lezala pakhomo pa mwana wanga, osanena kanthu kwa aliyense, sindikudziwa kuti ndikanaganiza chiyani.

Nthambi yachinayi anali asanaione. Ndikanatha kukhala chete, n'kupepesa, iyo n'kumakula kuseri kwa tsinde mpaka Juni. Ndikaulula akanatha kuizulanso, ndipo nthawi yoyambiranso panalibe. Koma kusanena ndi kumene kunandifikitsa pakhonde limenelo. Ndinawauza kuti yatsala imodzi, ndipo tipite tonse akaione.

Tinapita. Ndinafotokoza ntchito ya lezala, ya machesi, ya mwala, ndi mawu amene ndinkanena chogwada. Alamu aakazi anati akumbe aone pansi pake. Ndinapempha kuti kukumbako kukhale kwa chala, osati khasu. Alamu aamuna anagwada movutikira, akudandaula za mawondo awo, anasuntha mwala n'kuyamba kupala dothi pang'onopang'ono. Timizu tinaoneka, toyera, topyapyala ngati ulusi. Anayang'ana nthambi ija kuchokera patsinde, n'kuitsatira ndi maso mpaka pomwe inalowa pansi.

"Ameneyutu ndi mkamwini mnzanu, abusa," anatero. "Mchombo uli kwa amake, mizu wakaika kwa eni."

Mwana wa alamu aakazi anaseka, inenso ndinaseka pang'ono. Alamu aamuna anakwiriranso okha n'kubwezera mwala. Alamu aakazi anaima manja ali kumbuyo. Anavomera kuti ndi mtengo chabe, koma anafunsa kuti podzanyamula ndidzanyamula bwanji. Ndinati ndidzadula kwa make n'kukumba mozungulira, ndi dothi lake lomwe, n'kuika m'chitini.

"Dothi la pakhomo pano?" anafunsa.

Aliyense kwathu kuno amadziwa chimene anthu amaganiza munthu akatapa dothi pakhomo pa mnzake, pomwe ana amaponda ndi mapazi opanda nsapato, n'kupita nalo kwina. Ine sindikhulupirira kuti dothi lingapweteke munthu amene Mulungu akumusunga. Koma nthaka sinali yanga, ndipo mantha awo sanali anga kuti ndiwalamule. Alamu aamuna anati nkhaniyo idikire tsiku losudzula, ankhoswe onse alipo.

Miyezi itatu yotsatira ndinaisamala nthambi ija poyera. Ndinaitchingira ndi minga chifukwa cha nkhuku, ndipo mvula itasiya ndinkaithirira madzulo anthu akuona. Mu Epulo ndinacheka theka la nthambi pakati pa tsinde ndi mwala, kuti iyambe kuzolowera kudzidyetsa. Mu Meyi ndinamaliza kudula. Ndinkakumbukira kuti Ambuye anatiuza zimene zimachitikira nthambi yochoka pa mpesa, ndipo ine ndinali kuchotsa dala. Masamba anagwa nkhope masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinapeza atadzuka.

Ndinapitanso kwa alamu aakazi kukapepesa kuti ndinachita zinthu pakhomo pawo osawauza. Analandira, n'kundipatsa mbatata zophika, koma za dothi sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinaganizapo zodzatsuka mizu n'kuikulunga m'chiguduli chonyowa, koma bambo anandiuza kuti kamtengo kameneka mizu yake ikaona mphepo kamafa, ndipo Juni si mwezi woyesera zimenezo. Ndivomerenso kuti maganizo ankandibwerera akuti ndingodzakumba anthu ali kumunda n'kulowetsa chitini pakati pa matumba a chimanga. Kawiri ndinafika mpaka pogwira khasu. Ndinalibweza pokumbukira munthu uja wa m'Baibulo amene anakwirira zofunkha za kunkhondo pansi pa hema wake, poganiza kuti palibe akuona.

Tsiku losudzula linafika kuli mphepo ndi mitambo. Tinakhala pabwalo, akuchikazi mbali ina, ine ndi nkhoswe yanga, amene ndi msuweni wanga wa ku Kasinje, mbali ina, ana anga aamuna ali kumbuyo kwanga. Katundu anatulutsidwa n'kugawidwa popanda mkangano. Ine ndinatenga njinga, khasu, nkhwangwa, zovala, mabuku anga a mapemphero, mpando umodzi ndi gawo langa la chimanga. Nkhoswe ya kuchikazi inathokoza kuti ndinasunga mwana wawo mpaka kumuika m'manda, ndipo inandipatsa kanthu kakang'ono m'mbale monga mwa mwambo, kusonyeza kuti ndamasuka. Kenako inafunsa ngati pali china chotsala.

Ndinati chilipo. Ndinawafotokozera za mkulu wa asilikali wa dziko lina amene anali ndi khate, amene atachiritsidwa m'dziko la eni anapempha kuti amulole kunyamula dothi la kumeneko, lokwana katundu wa abulu awiri, kuti apite nalo kwawo. Ndinati munthu ameneyo anali ndi asilikali, akanatha kungotenga, koma anapempha. Ndinati inenso m'mudzi uno ndinalandiramo zabwino zimene sindingabweze.

"Abulu awiri, abusa?" anatero alamu aamuna. "Ndiye mutisiyira thanthwe lokhatu."

"Chitini chimodzi, alamu. Cha penti."

Anthu anaseka, ndipo alamu aamuna anati kwa iwo palibe vuto, koma pakhomopo padzakhala mwana wa mlongo wawo, choncho ayankhe ndi mayi wake.

"Alamu, ine ndilibe nanu chifukwa," anatero alamu aakazi. "Koma mtima wanga sukulola kuti dzanja la munthu wochoka litape dothi pakhomo pa mwana wanga. Ndikati ndalola ndiye kuti ndanama."

Msuweni wanga anandinong'oneza kuti ndizisiye, tisawononge tsiku labwino chifukwa cha maluwa. Mwana wanga wamkulu anayamba kudzuka kuti ayankhule, ndipo ndinamugwira mwendo kuti akhale. Ndinali nditamva bwino mawu awo. Sanakane dothi. Anakana dzanja.

"Ngati ndi dzanja langa, ine sindigwira," ndinatero. "Kumbani ndinu, alamu. Muone chilichonse cholowa m'chitinimo. Chimene simukufuna kuti chichoke, chisiyeni."

Alamu aakazi anadzuka, anamanga chitenje bwino, n'kukatenga kakhasu ka malemu kamene kanali katagwera mbali yawo pogawa katundu. Tonse tinawatsatira kumbali kwa nyumba. Anachotsa minga ndi mwala. Choyamba anapala dothi lapamwamba, lopondedwa, kuzungulira nthambi yonse, n'kulikankhira kukhoma ndi dzanja, kuti limenelo litsale. Kenako anayamba kukumba. Mayi amenewa akhala akukumba kachewere moyo wawo wonse osatema mbatata, ndipo ndinaona kuti akutalikira bwino, kuposa mmene ine ndikanachitira. Analowetsa manja onse awiri pansi n'kunyamula chibuma chonse chosasweka. Chitini ndinali nditachiboola kale kunsi ndi msomali. Anaikamo, ndipo pamwamba, pomwe anapala paja, anadzazapo ndi manyowa a m'khola lawo. Anaitanitsa madzi n'kuthirira okha.

Nditatambasula manja kuti ndilandire, anakana. Anati chitini chituluka m'mudzi chili pamutu pawo. M'mawa mwake anachisenza pankhata kuchokera kunyumba mpaka pamsewu ku Nsipe, ine ndikukankha njinga pambuyo, amayi ogulitsa tomato ndi kabichi akuwafunsa ngati ayamba bizinesi ya maluwa. Anandipatsira pakhomo la minibasi, nditakhala kale pampando. Anangoti ndiyende bwino, ndipo ndikapereke moni kwa mlongo wanga.

Ndinachifungatira mpaka ku Boma, ndiponso pamatola potsikira ku Kasinje, ndikuchitchinga ndi jekete kuti mphepo isathyole nsonga. Sindinabzale tsiku lomwelo. Kamtengo kanakhala m'chitini pansi pa mtengo wa mango sabata zitatu, kenako ndinakumba dzenje kum'mawa kwa kanyumba kanga, n'kudula chitini ndi chisikilo kuti chibuma chisasweke. Ku Kasinje kumatentha kuposa ku Nsipe, ndipo madzi a pamjigo wathu ali ndi kamchere. Mu Seputembala masamba anayamba kupsa m'mphepete, ndipo pofika Okutobala anagwa onse, chinthu chimene kamtengo kameneka sindinakaonepo kakuchita. Ndinamanga kachisakasa ka bango pamwamba pake, n'kuyamba kukatunga madzi kuchitsime cha kudambo, ulendo wa njinga. M'mawa uliwonse ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo kuti ndione ngati mkati mudakali mobiriwira, mpaka mlongo wanga anandiletsa, nati ndikapha ndi chikhadabo chomwecho. Mvula yachiwiri itagwa ndinawerenga timphukira tisanu. Ndinavula chipewa n'kuthokoza pomwepo.

Pano papita zaka ziwiri. Kafika m'bondo, masamba ake ndi obiriwira bwino, koma sikanachitebe maluwa. Chipinda chija ku Nsipe chinamangidwa, ndipo kamtengo kakakulu kanadulidwa monga ndinkayembekezera. Mwezi wathawu alamu aamuna anandiimbira foni kundiuza za ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo titatha nkhaniyo anati pali munthu akufuna kundiyankhula. Anali alamu aakazi. Anafunsa za thupi langa, za chimanga, kenako anati Okutobala wapitayu pakhomo panali ngati posiyidwa, ndipo patebulo la kutchalitchi anthu akuika maluwa apulasitiki. Anafunsa ngati ndingawakwiririre nthambi imodzi. Ndinawauza kuti adikire chaka china kapena ziwiri, poti nthambi zake zidakali zazifupi, sizingafike pansi.